Nkhope pa pepala la voti: momwe zithunzi za atsogoleri zidalowera m'zisankho

TEMBISA, South Africa – Nyengo ya chisankho ikayandikira, mitengo ya magetsi m'misewu ya ku Tembisa imadzaza ndi zithunzi za atsogoleri a zipani, china pamwamba pa chinzake. Anthu a m'tauniyi, yomwe ili kumpoto kwa Kempton Park m'dera la Ekurhuleni, adazolowera kuona zimenezi. Koma chaka cha 1990 chisanafike, kusindikiza chithunzi cha a Nelson Mandela popanda chilolezo cha boma udali mlandu, ndipo achinyamata ambiri omwe ankatchula dzina lawo pa zionetsero sankadziwa maonekedwe enieni a nkhope yawo.

Patangopita zaka zinayi, nkhope yomweyo idali pa pepala loponyera voti la munthu aliyense m'dzikomo. Mbiri ya chithunzi cha mtsogoleri pa chisankho idayambira ku America m'zaka za m'ma 1800, ndipo kuno kummwera kwa Africa yakhala ikuyendera limodzi ndi funso lakuti ndani ali ndi mphamvu youza anthu nkhope yomwe ayenera kuona ndi yomwe sayenera kuona.

Chiyambi chake ku America

Luso lojambula ndi kamera lidalengezedwa ku France m'chaka cha 1839, pomwe njira ya a Louis Daguerre yosunga chithunzi pa kachitsulo kokutidwa ndi siliva idaperekedwa kwa anthu onse. Chithunzi chotere chinkatuluka chimodzi chokha, choncho sichikadathandiza kwenikweni wandale wofuna kudziwika kwa anthu miyandamiyanda. Zinthu zidasintha m'ma 1850, akatswiri atapeza njira yojambula pa galasi lomwe munthu akadatha kutsukirapo zithunzi zambiri pa pepala, komanso njira ina yotsika mtengo yojambula pa timalata topyapyala.

Chisankho cha pulezidenti wa America cha 1860 ndicho chimatchulidwa kawirikawiri kuti n'choyamba chomwe zithunzi zidagwirapo ntchito yaikulu. Pa 27 Febuluwale chaka chimenecho, a Abraham Lincoln, loya wa ku Illinois yemwe sankadziwika kwenikweni kummawa kwa dzikolo, adalowa m'nyumba yojambulira zithunzi ya a Mathew Brady mumzinda wa New York, patatsala maola ochepa kuti akalankhule ku holo ya Cooper Union. Adani awo pa ndale ankawanena kuti ndi munthu wa kumudzi wosaoneka bwino. A Brady adawaimika chilili, dzanja lamanzere lili pa mabuku, nakweza kolala ya malaya awo kuti khosi lawo lalitali lisaonekere, kenako adasalaza makwinya ena a pankhope pomalizitsa chithunzicho.

Nyuzipepala za nthawiyo zidalibe luso losindikiza chithunzi cha kamera momwe chilili. Amisiri ankachikopera pozokota pa thabwa kapena pojambula pa mwala, ndipo mwanjira imeneyi chithunzi cha a Brady chidatuluka m'magazini ya Harper's Weekly ndi pa mapepala ogulitsa a kampani ya Currier and Ives. Kudalinso timabaji ta malata tokhala ndi nkhope ya a Lincoln mbali imodzi, ndi ya wachiwiri wawo, a Hannibal Hamlin, mbali inayo. Opikisana nawo atatu, a Stephen Douglas, a John Breckinridge ndi a John Bell, adalinso ndi timabaji totere. Potsata mwambo wa nthawiyo, a Lincoln sadayendeyende kukopa anthu. Adakhala kwawo ku Springfield, chithunzi n'kumayenda m'malo mwawo, ndipo adapambana pa 6 Novembala 1860 ndi mavoti pafupifupi 40 pa 100 alionse.

Zomwe zidaoneka pa kampeni imeneyi zikadalipo mpaka lero. Chithunzi chimafika kumene mwini wake sangafike, chimakonzedwa dala kuti chipereke uthenga, ndipo mtengo wake umatsika chikasindikizidwa chochuluka. Pofika chisankho cha 1896, pomwe a William McKinley adapikisana ndi a William Jennings Bryan, mabaji okhala ndi phini kumbuyo adali atafala, ndipo m'zaka zomwezo nyuzipepala zidayamba kusindikiza zithunzi zenizeni za kamera.

Tembisa ndi chithunzi cha pa chitupa

Kummwera kwa Africa, anthu akuda ambiri adakumana ndi kamera m'njira ina. Tauni ya Tembisa, yomwe ena amalemba kuti Thembisa, idakhazikitsidwa m'chaka cha 1957 ndi boma la tsankho kuti ikhale malo a anthu akuda osamutsidwa ku Alexandra ndi m'madera ozungulira Edenvale ndi Kempton Park. Dzinali likuchokera ku mawu a Chizulu otanthauza kulonjeza. Pa kalembera wa 2011 m'tauniyi mudapezeka anthu oposa 460,000, ndipo pakati pa okhalamo pali ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe.

Kwa ambiri mwa omwe adayamba kukhala ku Tembisa, chithunzi chomwe boma linkachilabadira chidali cha pa chitupa. Lamulo la 1952 lidakakamiza mwamuna aliyense wakuda wa zaka 16 kupita m'mwamba kuyenda ndi kabuku kokhala ndi chithunzi chake, dzina la womulemba ntchito ndi chilolezo chokhalira m'tauni, ndipo pambuyo pake lamuloli lidakhudzanso amayi. Wopezeka alibe kabukuka ankamangidwa. Pa 21 Malichi 1960 apolisi adapha anthu 69 ku Sharpeville pa zionetsero zokana zitupazi, ndipo mwezi wotsatira zipani za African National Congress ndi Pan Africanist Congress zidaletsedwa. Malamulo a zitupa adathetsedwa m'chaka cha 1986.

Anthu ankajambulitsanso mwa kufuna kwawo. Ojambula a m'misewu ndi a m'tinyumba tojambuliramo adalipo m'matauni onse a kummawa kwa Johannesburg, ndipo amuna ochokera ku Nyasaland, dziko lomwe lidadzakhala Malawi, ankatumiza kumudzi zithunzi atavala suti ndi chipewa ngati umboni wakuti ali moyo ndipo ntchito ikuyenda. Choncho anthu ankadziwa bwino kusiyana kwa chithunzi chomwe munthu wajambulidwa mokakamizidwa ndi chomwe wasankha yekha momwe aonekere.

Nkhope yoletsedwa

A Mandela adajambulidwa kwambiri m'ma 1950 ndi ojambula a magazini ya Drum, monga a Jürgen Schadeberg, omwe adawajambula mu ofesi yawo ya uloya ku Johannesburg m'chaka cha 1952. A Eli Weinberg, womenyera ufulu wa apantchito yemwe adalinso wojambula, ndiwo adawajambula atavala mikanda yachikhalidwe pomwe ankabisala apolisi. A Mandela adagwidwa pa 5 Ogasiti 1962, ndipo pa 12 Juni 1964 adalamulidwa kukhala m'ndende moyo wawo wonse. Lamulo la ndende la 1959 linkaletsa kujambula mkaidi kapena kufalitsa chithunzi chake popanda chilolezo, ndipo malamulo a chitetezo ankaletsa kusindikiza mawu a anthu omwe boma lidawaika pa mndandanda wa oletsedwa.

Zotsatira zake zidali zakuti nkhope ya a Mandela idaima pa zaka za m'ma 40. Zithunzi zakale zomwezo ndizo zinkakopedwa mobwerezabwereza pa mapositala ndi malaya kunja kwa dziko, ndipo m'matauni a anthu akuda zinkayenda mobisa. M'chaka cha 1986 nyuzipepala ya Weekly Mail idasindikiza chithunzi chawo patsamba loyamba, potengera mwayi wakuti boma lenilenilo lidali litachiika m'kabuku kake konyoza ANC.

Mapositala ambiri a nthawiyo ankapangidwa pamanja. Wojambula ankatenga chithunzi cha kamera n'kuchisandutsa zigamba zakuda ndi zoyera zokha, kenako ankasefera utoto pa pepala kudzera pa kansalu kopyapyala kokungidwa pa matabwa. Njirayi sinkafuna makina aakulu, moti gulu laling'ono likadatha kutulutsa mapositala mazanamazana usiku umodzi. Limodzi mwa magulu odziwika pa lusoli lidali Medu Art Ensemble, la anthu othawa kwawo omwe ankakhala ku Gaborone m'dziko la Botswana, ndipo mapositala awo ankalowetsedwa mu South Africa mozemba. Mmodzi mwa akatswiri a gululi, a Thami Mnyele, adabadwira ku Alexandra m'chaka cha 1948 ndipo adaphedwa pa 14 Juni 1985 pomwe asilikali a South Africa adachita chiwembu ku Gaborone. Mafupa awo adakaikidwanso m'manda ku Tembisa m'chaka cha 2004, ndipo khonsolo ya Ekurhuleni idapitiriza mpikisano wa zaluso wotchedwa dzina lawo.

Kumayambiriro kwa Febuluwale 1990, magazini ya Time ya ku America idaika pachikuto chithunzi chojambula pamanja chongoyerekeza momwe a Mandela akuonekera atakalamba. Chithunzi chenicheni chidatulutsidwa ndi boma kutatsala tsiku limodzi kuti amasulidwe, a Mandela ataima pambali pa Pulezidenti F.W. de Klerk ku Cape Town. Pa 11 Febuluwale adatuluka m'ndende ya Victor Verster ali ndi zaka 71, atakhala m'ndende zaka 27.

Kampeni ya 1994

Ku South Africa anthu sasankha pulezidenti mwachindunji. Amavotera chipani, ndipo aphungu a Nyumba ya Malamulo ndiwo amasankha mtsogoleri wa dziko. Ngakhale zili choncho, kampeni ya 1994 idaoneka ngati mpikisano wa nkhope. ANC, mothandizidwa ndi kampani yotsatsa malonda ya Hunt Lascaris, idasindikiza mapositala a mitundu yowala oonetsa a Mandela akumwetulira, imvi zili mbuu, okhala ndi mawu owapempha anthu kuti awasankhe kukhala pulezidenti. Positala ina idawaonetsa atazunguliridwa ndi ana a mitundu yosiyanasiyana. Uthenga wake udali wosiyana ndi wa mapositala a m'ma 1980, omwe ankaonetsa zibakera ndi maliro a ophedwa. Chipanichi chinkafuna kukhazika mtima pansi anthu amantha, osataya omwe adamenya nkhondo yaufulu. National Party nayo idadalira nkhope ya a De Klerk pofuna kudzionetsa ngati chipani chatsopano.

Kujambula ndi kupachika zithunzi m'chigawo cha kummawa kwa Johannesburg sikudali ntchito yopanda ngozi. Pakati pa 1990 ndi 1994 anthu ambiri adafa pa nkhondo ya pakati pa otsatira ANC ndi otsatira Inkatha Freedom Party, makamaka ku Katlehong, Thokoza ndi Vosloorus, ndipo Tembisa nayo idakhudzidwa. Kuvala malaya a nkhope ya mtsogoleri m'dera la chipani china kukadatha kuphetsa munthu. Pa 10 Epulo 1993 a Chris Hani adawomberedwa kunyumba kwawo ku Boksburg, ndipo chithunzi chawo chidanyamulidwa pa zionetsero m'dziko lonse. Wojambula zithunzi za nyuzipepala, a Abdul Shariff, adaphedwa ku Katlehong mu Januwale 1994, ndipo mnzawo a Ken Oosterbroek adaphedwa ku Thokoza pa 18 Epulo. Mmawa wa pa 27 Epulo, tsiku lalikulu loponya voti, bomba lidaphulika pa bwalo la ndege la Jan Smuts ku Kempton Park, lomwe tsopano limatchedwa O.R. Tambo.

Pepala lenileni la voti

Bungwe loyendetsa chisankho, motsogozedwa ndi Jaji Johann Kriegler, lidali ndi ntchito yokonza pepala loti aliyense alimve, kuphatikizapo okalamba omwe sadapite kusukulu ndiponso anthu mamiliyoni omwe adali asanavotepo. Pa mzere uliwonse padaikidwa dzina la chipani, chizindikiro chake, zilembo zofupikitsa dzinalo, chithunzi cha mtsogoleri chosindikizidwa mu mitundu yake, ndi kabokosi kochongamo. Wosadziwa kuwerenga ankangofunafuna nkhope.

Malo oyamba adapezeka pochita maere, ndipo adagwera PAC ya a Clarence Makwetu. Mapepala a chisankho cha dziko lonse adasindikizidwa ndi zipani 18, National Party ili pamapeto. Pa 19 Epulo, kutatsala sabata imodzi, a Mangosuthu Buthelezi adavomera kuti IFP ilowe nawo. Nthawi yosindikizanso idalibe, choncho ogwira ntchito ankamata kapepala kokhala ndi dzina la IFP ndi nkhope ya a Buthelezi m'munsi mwa pepala lililonse, zipani n'kukwana 19. M'malo ena timapepalati tidachedwa kufika, ndipo kuvota kudapitirira mpaka pa 29 Epulo m'madera angapo.

Mavoti ovomerezeka adaposa 19.5 miliyoni. ANC idapeza oposa 62 pa 100 alionse, National Party 20, ndipo IFP oposa 10. Aphungu adasankha a Mandela pa 9 Meyi, ndipo adalumbira tsiku lotsatira ku Pretoria.

Ku Malawi: nkhope yopezeka paliponse

Patangopita sabata imodzi a Mandela atalumbira, pa 17 Meyi 1994, Amalawi nawo adaponya voti posankha pulezidenti pakati pa anthu angapo kwa nthawi yoyamba. Vuto la Malawi lidali lotembenuza la South Africa: kumeneko nkhope ya mtsogoleri idabisidwa, pomwe ku Malawi nkhope imodzi idadzaza dziko lonse.

A Hastings Kamuzu Banda, omwe ali mnyamata adagwirapo ntchito pa mgodi wina ku Boksburg, adabwerera kwawo pa 6 Julayi 1958 atakhala kunja zaka pafupifupi 40, ndipo ndi ochepa omwe ankawadziwa maonekedwe. Atatenga boma, makamaka atakhala pulezidenti wamuyaya m'chaka cha 1971, chithunzi chawo chidayenera kupachikidwa mu ofesi ndi m'sitolo iliyonse, ndipo padalibe chithunzi china kapena wotchi yoyenera kukhala pamwamba pake. Nkhope yawo idali pa ndalama za kwacha, pa mabaji a chipani cha Malawi Congress Party ndi pa nsalu zomwe amayi a mbumba ankavala povina pa misonkhano. Popeza dzikoli lidalibe wailesi yakanema mpaka 1999, anthu ambiri a kumudzi ankamva mawu a mtsogoleri pa wailesi ya MBC, koma nkhope ankaionera pa zinthu zimenezi. Chithunzi cha boma sichinkakalamba, ngakhale mwini wake adakalamba mpaka kukachitidwa opaleshoni ya mu ubongo ku Johannesburg mu Okutobala 1993.

Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 padalibe nkhope ya munthu. Ofuna chipani chimodzi ankasankha tambala wakuda, ofuna zipani zambiri ankasankha nyali, ndipo pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse adasankha nyali. Kuchokera pamenepo nkhope zatsopano zidayamba kuoneka poyera, m'nyuzipepala zoima pazokha zomwe zidabuka nthawiyo, pa malaya ndi pa nsalu. United Democratic Front ya a Bakili Muluzi idadziwika ndi mtundu wachikasu ndi manja awiri ogwirana, pomwe Alliance for Democracy ya a Chakufwa Chihana idadziwika ndi zala ziwiri zoloza kumwamba. A Muluzi adapambana ndi mavoti 47 pa 100 alionse, a Banda adapeza 33, ndipo a Chihana pafupifupi 19.

Mwambo wa nsalu sudathe ndi ulamuliro wa chipani chimodzi. Zipani zonse zikuluzikulu zidautengera, ndipo chitenje chidakhala positala yoyenda yokha, yofika kumsika, kuchigayo ndi kumaliro, yomwe imakhalitsa zaka zambiri chisankho chitapita. Mabungwe oona za ufulu wa amayi akhala akudandaula kuti amayi amavala nkhope za atsogoleri pomwe iwo eni ndi ochepa pa mipando, komanso kuti kugawa nsalu kwa anthu osauka kumayandikira kugula voti.

Zambia ndi Mozambique

Ku Zambia, pa zisankho za 1973, 1978, 1983 ndi 1988, a Kenneth Kaunda ankaima okha, ndipo wovota ankangovomera kapena kukana. Kuvomera kunkaimiridwa ndi chiwombankhanga, mbalame ya pa mbendera ya dzikolo, pomwe kukana kunkapatsidwa nyama yosasiririka monga fisi kapena chule. Mpikisano weniweni udabwerera pa 31 Okutobala 1991, pomwe a Frederick Chiluba a Movement for Multi-Party Democracy adagonjetsa a Kaunda.

Ku Mozambique chisankho choyamba cha zipani zambiri chidachitika kuyambira pa 27 mpaka 29 Okutobala 1994, patatha zaka ziwiri nkhondo yapachiweniweni itatha. Anthu ambiri a ku Tete ndi Niassa adali atangobwerera kuchokera kumisasa ya othawa nkhondo ku Malawi ndi maiko ena. A Afonso Dhlakama a Renamo adakhala zaka zambiri kutchire, moti kwa anthu a m'mizinda mapositala adathandiza kuwadziwitsa nkhope yawo. A Joaquim Chissano a Frelimo adapambana ndi mavoti 53 pa 100 alionse, a Dhlakama napeza pafupifupi 34. Kumenekonso nsalu za kapulana zokhala ndi nkhope za atsogoleri zidakhala mbali ya kampeni.

Malamulo ndi mikangano ya masiku ano

Lamulo la zisankho la South Africa la 1998 limaletsa kung'amba, kuipitsa kapena kuchotsa mapositala a chipani china, ndipo makhonsolo, kuphatikizapo ya Ekurhuleni, ali ndi malamulo awo onena malo opachikapo ndi nthawi yochotsera chisankho chikatha. Maonekedwe a pepala la voti amabutsabe mikangano. Patamveka madandaulo akuti anthu ena ankasokoneza ANC ndi chipani chaching'ono cha African Independent Congress, chomwe dzina ndi mitundu yake zimafananako ndipo chinkakhala pafupi pa pepala, bungwe la zisankho lidatalikitsa zipani zotere pa chisankho cha 2019.

Pa chisankho cha pa 29 Meyi 2024, nkhope ya a Jacob Zuma idakhalabe pa pepala ngati mtsogoleri wa chipani cha uMkhonto weSizwe, ngakhale khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko lidagamula pa 20 Meyi kuti iwo sangakhale phungu. Chipanicho chidakhala chachitatu. ANC idapeza mavoti 40 pa 100 alionse, kutaya kwa nthawi yoyamba mphamvu yolamula yokha, ndipo aphungu adasankhanso a Cyril Ramaphosa pa 14 Juni mogwirizana ndi zipani zina.

Ku Malawi, pepala la voti ya pulezidenti limakhala ndi dzina, chithunzi ndi chizindikiro cha aliyense wopikisana, monga zidalili pa chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 chomwe a Peter Mutharika adapambana. Amalawi okhala ku Tembisa ndi madera ena a South Africa adaona nkhope za opikisanawo makamaka pa foni, kudzera pa WhatsApp ndi Facebook, koma wofuna kuvota adayenera kubwerera kumudzi, popeza kunja kwa dziko kudalibe malo oponyera voti.

Kukonza chithunzi, komwe a Brady ankachita pamanja, tsopano aliyense angakuchite pa kompyuta m'mphindi zochepa, mpaka kupanga chithunzi cha zinthu zomwe sizidachitike. Chipani cha ndalama zambiri chimathanso kudzaza misewu ndi intaneti ndi nkhope ya mtsogoleri wake, chaching'ono osaoneka n'komwe. N'chifukwa chake mabungwe oyendetsa zisankho amaika malamulo okhwima pa kukula ndi maonekedwe a chithunzi cha pa pepala la voti. Pamenepo mtsogoleri wolamula ndi wotsutsa, wolemera ndi wosauka, amapatsidwa mzere wofanana, ndipo wovota amachonga ali yekha.